Mmene ndinaikira chigamba pabondo la jinzi

Bowo la pabondo limanamiza. Jinzi ya mnyamata wanga, imene ndinagula pa kaunjika kumsika wa Tsoka ku Lilongwe, inabooka kabowo kongolowa chala chimodzi. Koma nditaitembenuza n'kuiyang'ana padzuwa, ndinaona kuti nsalu yozungulira bowolo yapyapyala mpaka kuwala kumadutsa. Malo odyekawo kukula kwake ngati chikhatho changa, ndipo ndinayeza amenewo, osati bowo ayi. Chigamba chimafuna kugwira pansalu yolimba. Mukachisokerera pa yodyeka, chimadzang'ambukira momwe mwadutsa ndi singano momwemo.

Nsalu ya jinzi amailuka ndi ulusi wamitundu iwiri: woyimirira wonyikidwa mu utoto wabuluu, ndi wopingasa woyera. Wabuluuwo ndiwo umakhala pamwamba, n'chifukwa chake umayamba kutha n'kusiya timaulusi toyera titapingasa pabowo. Anthu ambiri amathamangira kutidula tonse. Ine ndinadula todukaduka tolendewera tokha. Tolimba ndinatisiya, chifukwa timagwira bowo kuti lisayasame pamene mukusoka.

Chigamba ndinachidula pa jinzi ina yomwe inatha ntchito kalekale, kumbuyo kwa mwendo cha pakatumba, pomwe nsalu sidyeka msanga. Sindinachite izi chifukwa choumira. Nsalu yatsopano ya thonje imabwerera ikachapidwa koyamba, ndiye mukaisokerera pa chovala chakale imakoka n'kukwinyitsa bondo lonse. Ngati yakale mulibe, yatsopanoyo muyambe mwaichapa, iume, muisite. Muonenso ngati jinzi yanu ndi yotanuka, popeza zambiri za masiku ano ndi zotero. Yotanuka imafuna chigamba chotanukanso. Chitenje chimakongola ndithu pa jinzi, koma pabondo la mwana wokwera mitengo sichipirira pokhapokha pansi pake pakhale nsalu ina yochindikala.

Podula ndinawonjezera zala ziwiri mbali zonse kupitirira malo odyeka aja, pafupifupi masentimita 3. Makona ndinawazungulitsa ndi sizasi chifukwa kona yosongoka ndi imene imayamba kutukuka. Ndinaonetsetsanso kuti ulusi woyimirira wa chigamba ukuloza kumene wa buluku ukuloza, kuti nsalu ziwirizi zizitanuka mogwirizana.

Za kuti chikhale kunja kapena mkati anagamula ndi mwini buluku. "Amama, chisaoneke, anzanga andiseka." Basi, chinalowa mkati. Chigamba cha mkati sindichipinda m'mphepete, chifukwa mpenderowo umakhala chotupa chomwe chimakhula bondo mwana akagwada. Ndinangozunguliza ulusi m'mphepete mwake kuti chisamasuke.

Kenaka ndinalowetsa kachidutswa ka katoni m'mwendo wa bulukulo. Popanda katoni, singano imatola nsalu yakumbuyo n'kutseka mwendo. Ndinagwiriza chigamba ndi mapini, n'kusoka msoko wongogwirizira, wotalikirana, ndi ulusi wofiira woti ndidzauone msanga pochotsa. Mapini atachoka ndinatulutsa kaye katoni, n'kumuveka mnyamatayo bulukulo kuti anjute, kenaka katoni n'kubwezeramo. Ichi musachidumphe. Bondo limafutukula nsalu likapindika, ndipo chigamba chokokedwa kwambiri chimathothoka tsiku loyamba lomwelo.

Ulusi ndinasankha wa poliyesitala, wabuluu wotuwirako. Jinzi ikasuluka pabondo imayandikira kuyera, ndiye ulusi wabuluu wakuda umaonekera patali. Pogula tengani buluku lomwelo, muyale ulusi umodzi pabondopo, osati mpukutu wonse, chifukwa pampukutu umaoneka wakuda kuposa mmene ulili. Ndinadula wotalika kuchokera kuchala mpaka paphewa, n'kuupaka kandulo kuti usamapotane.

Msoko woyamba ndinazunguliza m'mphepete mwa chigamba, wobwerera m'mbuyo: singano ikatuluka patsogolo, imabwerera kukalowa pomwe msoko wapitawo wathera, n'kukatulukiranso patsogolo. Umachedwetsa, koma ndiwo umayandikira kulimba kwa msoko wa makina. Ntchito yeniyeni inali yotsatira. Ndinasoka mizere yotsika ndi kukwera, motsata ulusi wabuluu uja, motalikirana theka la sentimita, kuyambira pansalu yolimba, kudutsa podyeka ndi pabowo, mpaka pansalu yolimba ya tsidya linalo. Mizereyi ndi imene imamanga nsalu yodyeka ndi chigamba kukhala chinthu chimodzi. Sindinkakoka ulusi mwamphamvu, ndipo mzere uliwonse ukatha ndinkasalaza ndi chala. Singano ikakana kulowa ndinkaikankha ndi ndalama yachitsulo. Ulusi ukatsala pang'ono ndinkamangira mfundo kumkati, kutali ndi pomwe bondo limagunda pansi.

Amene alibe nthawi apite kwa atelala apakhonde, ntchitoyi pamakina siitenga nthawi. Koma dziwani chimene mukukapempha. Mwendo wa buluku sulowa bwino pamakina opalasa ndi mapazi monga Singer kapena Butterfly, choncho telala wodziwa ntchito amasula kaye msoko wam'mbali. Pa jinzi zambiri msoko wamkati ndi wopindidwa, wosokedwa mizere iwiri, wovuta kubwezera. Wakunja ndiwo wophweka. Muwauze mwaulemu kuti, "Bambo, musule wakunjawu, ndipo mizere ifike pansalu yolimba." Singano yake ikhale yaikulu, nambala 16, chifukwa yaing'ono imathyoka kapena kudumphitsa msoko pa jinzi.

Zigamba zomata ndi simbi, zija zokhala ndi guluu kumbuyo, ine sindizikhulupirira pazokha. Guluu sagwirizana ndi kupindika kwa bondo komanso kuchapa kwathu kofikisa ndi manja, ndipo makona amayamba kumatuka. Zimathandiza kugwiriza chigamba pamalo, koma msoko uzungulirebe. Ngati mukumata pa yunifolomu ya sukulu, samalani: zambiri zili ndi poliyesitala, yomwe imasungunuka kapena kunyezimira ikapsa. Yalani kansalu ka thonje pamwamba musanaike simbi, makamaka ngati ndi yamakala yomwe kutentha kwake simungakuchepetse ndi batani.

Nditamaliza ndinasolola ulusi wofiira uja, ndinachotsa katoni, n'kusita kuchokera kumkati kuti misoko ikhazikike. Pochapa ndimaitembenuza kaye, ndipo pabondopo sindipitsapo bulashi.