Mawu mukuwadziwa, nanga bwanji khutu silikuwagwira?

Pali anthu amene amawerenga nyuzipepala ya Chingerezi osapunthwa, kalata yofunsira ntchito n'kulemba yosalala bwino, koma akakhala pa mayeso omvetsera a IELTS (mayeso oyeza luso la Chingerezi kwa ofuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja) mayankho amawadutsa ali pomwepo. Nthawi zambiri vuto si kuchepa kwa mawu. Mawuwo amawadziwa ndi maso, khutu ndiye silinawazolowere. Kutsegula wailesi ya Chingerezi tsiku lonse uku mukugwira ntchito zina kumathandiza pang'ono chabe. Chimene chimakweza malikisi n'kupeza malo enieni amene khutu lanu limagonja, n'kukonza pamenepo.

Yambani n'kudziwa chimene mukakumane nacho. Gawo lomvetsera limatenga mphindi pafupifupi 30 ndipo lili ndi mafunso 40, ogawidwa m'zigawo zinayi za mafunso khumikhumi. M'chigawo choyamba anthu awiri amakambirana za tsiku ndi tsiku, monga kufunsa za nyumba ya lendi. M'chachiwiri amalankhula munthu mmodzi, mwina akulongosola malo inu mukutsatira pamapu. Chachitatu ndi zokambirana za maphunziro, anthu mpaka anayi, ndipo chachinayi ndi phunziro longa la kuyunivesite. Zonsezi mumazimva kamodzi kokha. Olemba papepala amapatsidwa mphindi 10 zokopera mayankho, olemba pakompyuta mphindi 2 zokha zoonanso zimene alemba. Pa muyezo wa IELTS, umene umafika pa 9, kukhoza mafunso 23 kumakufikitsani cha pa 6, mafunso 30 pa 7, mafunso 35 pa 8, ngakhale malirewa amasuntha pang'ono malinga ndi mayeso ake.

Ntchito yeniyeni ndi iyi, ndipo mphindi 20 patsiku n'zokwanira. Pezani kachidutswa ka mawu ojambulidwa ka masekondi 40 mpaka 60, komwe mawu ake alipo olembedwa. Pulogalamu ya 6 Minute English ya BBC Learning English imakhala nawo, chimodzimodzinso mayeso oyeserera a British Council ndi IDP, mabungwe amene amalembetsa IELTS. Zolembedwazo musaziyang'ane. Mvetserani kamodzi kuyambira koyamba mpaka kothera, cholembera chili pansi, mungogwira mutu wa nkhani. Kenako bwererani, muziimitsa pakutha pa chiganizo chilichonse n'kulemba liwu ndi liwu monga mwamvera. Chiganizo chimodzi musachibwereze kupitirira katatu; pamene pakana siyani mpata. Mukamaliza tengani bolopeni yofiira muyerekeze ndi zolembedwa zija.

Apa ndiye pagona phindu lonse, ndipo ndi pomwe ambiri amathamangira. Pa cholakwika chilichonse dzifunseni kuti chachitika n'chiyani. Kodi liwulo ndi lachilendo? Limenelo ndi vuto laling'ono, lilembeni m'kope. Kodi mumalidziwa koma simunalizindikire litatchulidwa? Ili ndiye lalikulu. Bwererani pa sekondi yomweyo, mumve kasanu maso ali pa liwulo, kenako mulitchule nokha motsanzira wolankhulayo, liwiro lake lomwelo. Mwinanso munamva bwino koma sipelo yakupulumukani, kapena dzanja linachedwa chiganizo china n'kudutsa. Pakatha milungu iwiri kope lanu lidzakuuzani lokha matenda anu, chifukwa zolakwika zake zimabwera zomwezomwezo.

Kwa ife olankhula Chichewa, zambiri mwa izo zimachokera ku chinenero chathu chomwe. Tili ndi malembo a liwu asanu okha, pamene Chingerezi chimatchula ochuluka kuposa khumi. N'chifukwa chake *ship* ndi *sheep* zimamveka chimodzimodzi, *work* ndi *walk* chimodzimodzi, *cat*, *cut* ndi *cart* zonse n'kugwera pa "a" wathu uja. L ndi r kwathu sizisintha tanthauzo, koma *collect* ndi *correct* ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mawu oterewa aikeni awiriawiri, muwamve mu dikishonale ya pa intaneti imene imatchula mawu, kenako wina azikuseweretserani limodzi inu mutatembenuka, munene kuti ndi liti. Mphindi zisanu zokha, koma tsiku lililonse.

Chinanso, pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera pa lembo la liwu, ndiye khutu lathu silidikira kanthu kumapeto kwa liwu. Pamenepo ndi pomwe pamabisala s wochulukitsa. Wolankhula akuti *tickets*, inu mwalemba *ticket*, maliki apita. Mukakayika onani chiganizo cha papepala: ngati mneni wake ndi *are*, dzinalo ndi lochulukitsa.

Koma chimene chimazunguza mutu kwambiri ndi tiziwu tating'onoting'ono. Ife timatchula phatikizo lililonse momveka. Eni Chingerezi amatsindika mawu ofunika, enawo n'kuwameza. *To* amasanduka kaphokoso kosamveka bwino, *of* chimodzimodzi, *can* amatsala ngati "kn". Mawu amalumikizananso: *an hour ago* amatuluka ngati liwu limodzi, *would you* amamveka ngati "wuju". Munthu amene anaphunzira Chingerezi m'buku amayembekezera mipata imene amaiona papepala, koma m'kamwa mulibe mipata. Kuchepetsa liwiro la mawu ojambulidwa kufika pa 0.75 n'kothandiza pofufuza chimene chamezedwa, koma mukachipeza bwererani pa liwiro lake lenileni. Amene wazolowera mawu ozengereza amakadabwa tsiku la mayeso. Mawu olembedwa m'munsi mwa kanema nawonso ndi onyenga: mumaona ngati mukumva, chonsecho mukuwerenga. Azimitseni ulendo woyamba.

Chigawo choyamba ambiri amachipeputsa, koma malikisi otayika pamenepo amapweteka chifukwa ndi osavuta. Dzina la munthu kapena la msewu amalitchula lembo ndi lembo. E wa Chingerezi amamveka ngati "i" wathu, I amamveka "ayi", A amamveka "eyi", ndipo G ndi J amasokonezana. Pa nambala ya foni ziro amamutchula "o", ndipo *double four* ndi 44. Kusiyana kwa 13 ndi 30 kuli pa kutsindika: *thirteen* amalemera kumapeto, *thirty* kumayambiriro. Zimenezi muziyeserera padera mpaka dzanja lizilemba lokha.

Dziwaninso kuti wolankhula amasintha maganizo mwadala. Anena kuti msonkhano ndi Lachiwiri, mnzake n'kumukumbutsa kuti chipinda chatengedwa, n'kugwirizana za Lachinayi. Amene analemba Lachiwiri n'kuthamangira funso lotsatira wagwa. Mukamva *actually*, *sorry* kapena *but*, tcherani khutu, yankho likhoza kusintha. Pa mafunso osankha yankho, mawu a papepala kawirikawiri satchulidwa momwemo. Papepala pali *cheap*, wolankhula akuti *it didn't cost much*. Liwu limene lamveka ndendende monga lalembedwera nthawi zina ndi nyambo.

Mayeso athunthu oyeserera chitani kamodzi pa mlungu, osati tsiku lililonse. Iwo amayeza, saphunzitsa. Khalani pamalo opanda phokoso, musaimitse, musabwereze, ndipo ngati mukalemba pakompyuta yesererani pakompyuta pomwepo, potayipa mayankho uku mukumva. Masekondi amene amakupatsani chigawo chisanayambe agwiritseni ntchito powerenga mafunso n'kuganiziratu kuti mpata uliwonse ukufuna chiyani: nambala, dzina la malo, tsiku? Onaninso malire a mawu. Akati mawu asapitirire awiri, inu n'kulemba atatu, yankho ndi lolakwika ngakhale tanthauzo lili lomwelo. Masipelo a ku Britain ndi a ku America onse amalandiridwa. Sinthasinthaninso olankhula amene mukumvetsera, chifukwa pamayeso mudzamva katchulidwe ka ku Britain, Australia, New Zealand ndi North America.

Funso likakudutsani, lisiyeni nthawi yomweyo. Mayankho amabwera motsatira ndondomeko ya mafunso, ndiye amene akulimbana ndi funso 14 amataya 15 ndi 16 omwe. Ikani kachizindikiro, maso apite patsogolo, mudzabwerere pomaliza. Yankho lolakwika salichotsera malikisi, choncho pampata uliwonse wotsala lembanipo chimene chikuoneka kuti chingakwanepo.