Zikomo nonse amene munandigwira dzanja pa kafukufuku wa madzi akumwa

Abale ndi alongo, ndamaliza. Aphunzitsi alandira kafukufuku wanga wa tizilombo topezeka m'madzi akumwa, ndipo dzina langa latuluka pa mndandanda wa otsiriza maphunziro. Pachikuto palembedwa dzina langa lokha, koma ogwira ntchitoyi anali ambiri, ena sadziwa n'komwe kuti anathandiza. N'chifukwa chake ndati ndithokozere pano pagulu.

Ndiyambe ndi inu amayi a ku Ndirande amene munanditsekulira zitseko. Si chapafupi kulola mlendo wovala magolovesi kutunga madzi m'ndowa imene ana anu amamwamo. Wina akanatha kuganiza kuti ndabwera kudzamunena uve. Inu munandiyalira mphasa, ena mpaka kundipatsa mbatata yootcha. Agogo ena anandifunsa mosapsatira ngati ndidzabwerenso kudzanena zimene ndapeza, kapena ndingopita nazo basi. Agogo, ndalankhula kale ndi alangizi a zaumoyo komanso amfumu, tsiku likadziwika ndibwera ndipo tidzakambirana m'Chichewa.

Zimene ndidzanene ndi izi. Madzi ambiri amene ndinatunga pampopi penipeni anali abwino. Vuto limayamba akafika kunyumba: ndowa yosavindikira, kapu imodzi imene aliyense amaviika ndi dzanja lomwe, mwana wochokera kuchimbudzi osasamba m'manja. Mu labotale timasefa madzi okwana mamililita 100 pa kapepala kosalola mabakiteriya kudutsa, n'kukaika pa kambale kokhala ndi chakudya chawo, kenako kugoneka pamalo otentha madigiri 44. Kukacha timawerenga timadontho tomwe tamera. Bungwe la WHO limati m'madzi akumwa ochuluka choncho musapezeke bakiteriya wotchedwa E. coli ngakhale mmodzi, chifukwa iye ndi mboni yakuti chimbudzi cha munthu kapena cha nyama chakhudza madziwo. Timbale tina ta madzi a m'ndowa tinkadzaza moti kuwerenga kunkakanika. Sindikuloza chala mayi aliyense. Munthu amene amagula madzi pa chigubu sangawataye chifukwa choti agona, ndipo sopo ndi klorini zimafuna ndalama.

Zikomo bambo athu a mu labotale. Munandiphunzitsa kuwotcha kawaya mpaka kafiire ndisanakhudze kambale, komanso kulemba tsiku pansi pa kambale osati pachivindikiro, poti zivindikiro zimasinthana. Magetsi akazima usiku munkadzuka kukaliza jenereta kuti ntchito ya ife ophunzira isawonongeke. Palibe amene anakutumani.

Anzanga a gulu lathu la Lachisanu, inu nde ndingalembe mpaka mawa. Tinkakhala pansi pa mtengo, aliyense atawerenga kafukufuku mmodzi watsopano, n'kumatsutsana mpaka dzuwa kulowa. Kumeneko ndi komwe ndinamvetsa za akatswiri a bungwe lofufuza zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome amene amamangirira kansalu ka bandeji m'mitsinje ya mu Blantyre, n'kukachotsa patapita masiku, kuti aone ngati muli Salmonella Typhi woyambitsa taifodi. Mtsinje umaulula matenda a m'dera ngakhale odwalawo sanafike kuchipatala. Tinanyadira limodzi kuti katemera watsopano wa taifodi anayesedwa kwathu konkuno, pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, asanaperekedwe m'dziko lonse mu 2023.

Mtsutso umene sunathe ndi wa tizilombo tosamva mankhwala. Ena mwa inu munkati gwero ndi makapisozi ogulidwa m'magolosale, omwe munthu amamwa awiri n'kusiya. Ine ndinkati tiyang'anenso ngalande. Kafukufuku wa DRUM, amene anachitika ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa, anapeza mabakiteriya oterewa mwa anthu, mwa ziweto, m'ngalande ndi m'mitsinje, ndipo amachuluka nyengo ya dzinja. Amenewa samva ngakhale ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira munthu akadwala mwakayakaya. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti popanda zimbudzi zabwino ndi madzi aukhondo, kulangiza anthu za kamwedwe ka mankhwala pakokha sikungatipulumutse. Koma munandikakamiza kuwerenga mozama kuti ndikuyankheni, ndipo mutu wachitatu wa pepala langa unabadwira m'mikangano imeneyo.

Pali nthawi imene ndinatsala pang'ono kusiya. Kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, analowa m'nyumba mwathu mu Januwale 2023, mwezi womwe sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsekulidwa chifukwa cha matendawa. Mng'ono wanga anayamba kutsekula m'mimba usiku, pofika m'mawa maso atalowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera. Vibrio cholerae, bakiteriya woyambitsa kolera, ndinkamudziwa ngati timadontho tachikasu pa kambale kobiriwira. Tsiku limenelo ndinamuona pa bedi loboola pakati, ndowa ili pansi. Anamwino a kumsasa wa kolera, mayina anu sindinawafunse, koma munapeza mtsempha pa mkono wopanda madzi n'kuika diripi, ndipo munkamumwetsa Thanzi pang'onopang'ono usiku wonse muli chiimire. Mwanayo ali moyo, ali kusukulu. Tisanapume n'komwe, namondwe Freddy anafika mu Malichi. Anzanga munasonkherana ya thiransipoti ndi ya chakudya, mukundilembera manotsi mpaka ndinabwerera m'kalasi.

Aphunzitsi amene munayang'anira ntchito yanga, zikomo chifukwa chokana kuti ndilembe chimene timbale sitinaonetse, ngakhale pamene ndinkafunitsitsa kutero kuti nkhani ikome.

Amalume, fizi ya chaka chomaliza munalipira ndinu mutagulitsa mbuzi zanu. Amayi, mandasi amene munkadzukira m'bandakucha ndi amene anagula magolovesi ndi timabotolo totungira madzi. Ndagwira mwendo. Pamene munachotsa, Mulungu abwezerepo. Tsiku lolandira digiri likalengezedwa ndikudziwitsani nonse, ndipo amayi anena kale kuti nsima idzaphikidwa kwathu, aliyense watchulidwa pano abwere.