Ngwazi ya pakompyuta imene mphamvu zake ndi nzeru za makolo

Ana amene ndimawaphunzitsa sayansi amazidziwa bwino ngwazi za m'mafilimu ndi m'magemu a pakompyuta, zija zouluka m'mwamba ndi kunyamula galimoto ndi dzanja limodzi. Chimene chimandidetsa nkhawa pa ngwazi zoterezi si ndewu zake ayi, koma kumene mphamvu zake zimachokera. Zambiri zimapeza mphamvu mwangozi, ina italumidwa ndi kachilombo, ina chifukwa chobadwira kudziko lina lakutali, ndipo n'kovuta kupeza imene inakhala pansi kwa zaka n'kumamvetsera munthu wamkulu akufotokoza za mphepo, nyama kapena nyenyezi. Mwana amene wakula ndi nkhani zotere amayamba kuona ngati mphamvu zimachita kugwa kuchokera kumwamba, ndipo zimene agogo ake amadziwa amaziika m'gulu la zinthu zachikale zopanda ntchito.

Anthu a mtundu wa Iñupiat, amene amakhala kumpoto kwenikweni kwa Alaska, anayesa njira ina, ndipo ntchito yawo ndiyo yandichititsa kulemba zimenezi. Bungwe la Cook Inlet Tribal Council, limene lili mumzinda wa Anchorage ndipo limathandiza eni nthaka a Alaska pa za maphunziro ndi ntchito, linkafuna njira yopezera ndalama zakezake komanso yofikira achinyamata amene ankatalikirana ndi chikhalidwe chawo. Motsogozedwa ndi Gloria O'Neill, bungweli linagwirizana ndi kampani ya E-Line Media n'kukhazikitsa Upper One Games, ndipo mu Novembala 2014 anatulutsa gemu yotchedwa Never Alone, kapena kuti Kisima Ingitchuna m'chiyankhulo chawo. Akuluakulu, akatswiri a nthano ndi anthu ena a m'midzi pafupifupi 40 anatenga nawo mbali poikonza, ndipo m'chaka cha 2015 inalandira mphoto ya BAFTA ku Britain monga gemu yabwino koposa mwa zoyamba kutulutsidwa ndi makampani atsopano.

Ngwazi yake ndi kamtsikana kotchedwa Nuna, kamene kalibe chovala chonyezimira kapena chigoba chakumaso. Mudzi wakwawo wavutika ndi mkuntho wa chipale chofewa umene sukutha, alenje sakutha kupita kokasaka, njala yafika pakhomo, ndipo iye akunyamuka pamodzi ndi nkhandwe yoyera kukafufuza kumene mkunthowo ukuchokera. Nditaisewera koyamba ndi mwana wa mlongo wanga, iye anatenga nkhandwe, ine ndinatenga Nuna, pakuti anthu awiri atha kusewera nthawi imodzi. Chimene ndinachiona msanga n'chakuti mphepo si chokongoletsera chabe. Ikamabwera mwamphamvu umaiona pa chipale chimene chikuuluka, ndipo uyenera kugwada pansi n'kuidikira kuti idutse, apo ayi ikukankhira kuphompho. Pena mphepo yomweyo ndi imene imakuthandiza kudumpha mpata waukulu ngati wadziwa nthawi yoyenera kunyamuka. Mwanayo, amene anazolowera magemu ongothamanga ndi kuwombera, anayamba kundiuza kuti, “Amalume, dikirani kaye, ikubweranso,” ndipo maso ake anali pa kayendedwe ka chipale osati pa mdani wina aliyense. Nuna sangamalize ulendo yekha, chifukwa nkhandwe ndi imene imakwera pamene iye sangafike, komanso ndi imene imaonetsa mizimu yothandiza imene ili m'chilengedwe. Chida cha Nuna ndi cha alenje a kwawo, zingwe zokhala ndi zolemera kunsonga zimene ankakolera nazo mbalame, ndipo nkhani yonse imasimbidwa ndi mawu a munthu wamkulu m'chiyankhulo cha Iñupiaq.

M'njira muli akadzidzi, ndipo ukafika pamene pali kadzidzi umatsegula kakanema kakafupi mmene anthu enieni a mtunduwu akufotokoza za moyo wawo: mmene amasokera zovala za zikopa, mmene amagawanirana nyama, mmene ng'oma imagwirira ntchito pakati pawo, ndiponso mmene madzi oundana a panyanja akusinthira masiku ano. Timakanema timeneti tilipo 24. Kwa ife amene tinakula tikuuzidwa kuti kadzidzi akalira padenga kuli maliro, zimatenga kanthawi kuti tizolowere kumuthamangira mokondwera, ndipo kusiyana kumeneku pakokha kunatipatsa nkhani yokambirana ndi mwanayo. Komabe apa ndi pamene ndikuona kufooka kwa njira imeneyi. Wosewera atha kumaliza gemu yonse osaonerako kakanema ngakhale kamodzi, choncho nzeru zimene zinaikidwa m'timakanema n'zosavuta kuzilambalala, pamene zimene zinalukidwa m'masewera enieniwo, monga kuwerenga mphepo, palibe angazithawe.

Nkhani ya Nuna inachokera ku nthano ya Kunuuksaayuka monga anaisimbira Robert Cleveland, katswiri wa nthano wa mtundu wa Iñupiat, ndipo okonza gemu anapita kwa mwana wake wamkazi, Minnie Gray, kukapempha chilolezo asanaigwiritse ntchito. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa luso la zithunzi. Nthano ili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi amene amadziwa zimene zingaonetsedwe kwa aliyense ndi zimene ziyenera kusungidwa. Mchewa aliyense amamvetsa zimenezi popanda kumufotokozera zambiri, pakuti Gule Wamkulu amavinidwa pabwalo anthu onse akuona, koma za kudambwe sizikambidwa pagulu. Kampani yochokera kutali imene ingangotola zithunzi ndi mayina a mizimu n'kuziveka ngwazi yake ikhoza kupanga chinthu chokongola, koma ikhala itatenga zimene sinapatsidwe.

Ku Australia kuli chitsanzo china chimene chinapita patsogolo pa mbali ya ana. M'tauni ya Roebourne, m'chigawo cha Pilbara, bungwe la Big hART ndi wojambula Stu Campbell anagwira ntchito ndi ana a mitundu ya eni nthaka monga Ngarluma ndi Yindjibarndi popanga NEOMAD, nkhani ya zithunzi yowerengera pa iPad, yokhala ndi mawu ndi zoyenda. Ngwazi zake ndi anawo eni ake, ndipo iwo anaphunzira kupaka mitundu pa kompyuta n'kujambulitsa mawu awo. Mwana amene wathandiza kujambula dziko lakwawo amakakamizika kufunsa akuluakulu dzina la phiri ndi mwambo wa malowo, ndipo kufunsa kumeneko n'kumene kumamuphunzitsa.

Ena amafunsa ngati n'koyenera kutchula nzeru zoterezi kuti sayansi, ndipo yankho langa ndimalitenga kwa anthu a Iñupiat omwewo. M'chaka cha 1977 bungwe la mayiko loona za kupha anamgumi, International Whaling Commission, linaletsa anthuwa kusaka namgumi wa mtundu wa bowhead, amene ndi chakudya chawo komanso maziko a miyambo yawo, chifukwa akatswiri ankati anamgumiwo atsala osapitirira 2,000. Akatswiriwo ankawerenga ataima m'mphepete mwa madzi oundana, n'kumalemba okhawo amene akuwaona akudutsa m'mipata ya madzi. Alenje anatsutsa chiwerengerocho. Iwo ananena kuti namgumi ameneyu saopa kuyenda pansi pa madzi oundana, kuti amatha kuwaswa ndi mutu wake kuti apume, ndiponso kuti ambiri amadutsa kutali ndi gombe kumene munthu woima pamtunda sangaone. Chaka chomwecho anakhazikitsa bungwe lawo, Alaska Eskimo Whaling Commission, ndipo m'zaka za m'ma 1980 boma la dera lawo la North Slope linagwira ntchito ndi asayansi amene anamvera alenje monga Harry Brower Sr., n'kuika zipangizo zomvera mawu pansi pa madzi. Zipangizozo zinamva anamgumi akudutsa pansi pa madzi oundana ndi kutali ndi gombe, monga momwe alenje ananenera, ndipo kalembera wa 2011 anapeza kuti alipo opitirira 16,000. Alenje omwewo ankanenanso kuti namgumiyu amakhala ndi moyo zaka za anthu awiri kuphatikiza pamodzi. Pambuyo pake m'matupi a anamgumi ena munapezeka nsonga za mikondo zamwala za makedzana, ndipo kuyeza maso a anamgumi kunasonyeza kuti ena atha kufika zaka 200.

Zimene alenjewo ankadziwa zinachokera m'kuyang'anitsitsa kwa mibadwo yambiri, kuyerekeza chaka ndi chaka, ndi kukonzana pamene wina walakwitsa, pakuti pa madzi oundana kulakwitsa ndi imfa. Nkhani ya anamgumiyi ndi imene ndikanakonda kuiona itasandutsidwa gemu ya ngwazi, makamaka masiku ano pamene kuli magalasi ovala kumaso amene amamuchititsa munthu kumva ngati waimadi pamalopo. Wosewera akanakhala mtsikana kapena mnyamata wa ku Utqiaġvik, tauni ya m'dera la North Slope, amene watumidwa kukawerenga anamgumi m'nyengo imene akudutsa. Poyamba akanawerenga ndi maso okha n'kupeza chiwerengero chochepa, kenaka akanayenera kubwerera kumudzi kukafunsa mlenje wachikulire, amene akanamuphunzitsa kuzindikira timitumbira timene namgumi amasiya pa madzi oundana akatukula mutu kuti apume, ndi kusiyanitsa madzi oundana olimba ndi amene angathyoke. Akatero akanasankha yekha malo oika zipangizo zomvera mawu, n'kuyerekeza zimene wamva ndi zimene anaona, ndipo gawo lomaliza likanakhala kukaima pamaso pa nthumwi za mayiko ndi kuteteza chiwerengero chake.