Ku Chicago, sabata yoyeza ngati mwana wakhwima

Lolemba m'mawa, mu Wintrust Arena ku Chicago, mnyamata wosewera basketball amene ndakhala ndikumutsatira kuyambira Novembala anavula nsapato n'kuima chotsamira khoma kuti amuyeze. Buku la timu ya ku koleji kwawo limamupatsa msinkhu umene tonse pa ntchito yathu tinkaukayikira. Muyeso utatsikira pamutu pake, zinapezeka kuti nsapato ndi chifundo cha makochi ake zakhala zikumuwonjezera zala ziwiri. Anasuzumira papepala la woyezayo, anameza malovu, kenako anatambasula manja kuti awayezenso. Manjawo ndi aatali kuposa msinkhu wake, ndiye zomwe zinatayika pakhoma zinabwererako pang'ono. Kumtunda kwa bwalo tinakhala ife a matimu 30 a NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, aliyense kompyuta pamiyendo, ndipo makiyibodi analira pamodzi.

Ndine scout, wofufuza osewera aluso, wa imodzi mwa matimu amenewa. Basketball ndinaiphunzira pa simenti ya ku Blantyre Youth Centre, kuno ndinabwerera sukulu, ndipo ntchito ndinaiyambira m'kachipinda kodulira mavidiyo a masewero. Masiku ano nyengo yonse yozizira ndimakhala pamsewu, koleji iyi lero, ina mawa, kuonera anyamata ndi kulemba malipoti. Draft Combine ya mwezi wa Meyi, sabata yoyeza anyamata ofuna kulowa mu NBA, ndi pamene zomwe takhala tikulemba zimakumana ndi mwini wake maso ndi maso. Draft yeniyeni, pamene matimu amasankha osewera atsopano, imabwera kumapeto kwa Juni, maraundi 2, ndipo mayina oitanidwa sapitirira 60.

Mnyamata wangayu ndi guard (wosewera woyendetsa mpira ndi kuponyera patali) wa zaka 19 amene wangotsiriza chaka choyamba ku koleji. Kuyambira draft ya 2006, lamulo la NBA limati wosewera akwanitse zaka 19 m'chaka cha draft ndipo chaka chimodzi chikhale chitadutsa chitsirizireni sekondale, ndiye papepala palibe chomuletsa. Dzina wapereka, koma chitseko chobwerera sanatseke. Bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'makoleji, limapereka masiku 10 Combine ikatha kuti wofuna achotse dzina n'kubwerera kusukulu. Abwana anga, tisanatsike n'komwe ndege, anali atandiuza kale zomwe akufuna: "Wakhwima kapena sanakhwime? Lachisanu mundiuze, osazungulira."

Lachiwiri masana linali la kulumpha, kuthamanga ndi kuponya popanda womumaka. Zimenezi anachita bwino, koma sizinandiuze chachilendo. Mpira umachoka m'dzanja lake mofewa, ndipo pa free throw, mpira woponya wachitiridwa faulo, saphonyaphonya. Ambiri a ife timaikhulupirira free throw kuposa mapointi 3 a ku koleji, chifukwa pamenepo munthu amaponya yekhayekha, mtunda womwewo, chaka chonse. Amene amaithira bwino kawirikawiri amadzazolowera mzere wa mapointi 3 wa NBA, umene uli pa mamita 7.24 pamene wa ku koleji uli pa 6.75.

Ntchito yeniyeni ndinaigwira usiku wake m'chipinda cha hotela. Ndinatsegula vidiyo ya maulendo onse omwe anadunditsa mpira pa pick-and-roll (pamene mnzake amamutchingira womumaka) m'chaka chonsechi, n'kuonera mmodzimmodzi mpaka tambala woyamba akanalira kukanakhala kwathu. Akalowera kudzanja lamanja, ndi njoka m'madzi. Amatsitsa phewa, womumaka amatsala akugwira mphepo, ndipo pofika pansi pa mkombero thupi lake amalipinda bwino. Koma makochi ochenjera a mu ligi yawo anamuwerenga pofika Januwale. Anayamba kumutsekera kumanja dala, kumusiyira kumanzere kuli pululu. Apo ndi pamene pamaoneka ubwana wake. Amadunditsa kamodzi, kawiri, n'kuunyamula mpira uja ndi manja onse, maso ali kwa lefali kupempha faulo yomwe kulibe. Nthawi zina amabwerera m'mbuyo kuti ayambirenso. Ku koleji wotchi yoponyera ndi ya masekondi 30, ndiye amakhala nayo nthawi yokonza. Mu NBA ndi 24, ndipo masekondi 6 amenewo ndi omwe iye amawawononga pobwerera.

Chinandipweteka kwambiri si dzanja lamanzere ayi, chifukwa dzanja limaphunzitsika. Ndinatsegula vidiyo ina, ya nthawi zomwe timu yake ikutchinga ndipo munthu wake alibe mpira. Mnyamatayu amaonera masewero ngati wagula tikiti. Mutu umatsatira mpira, mapazi amaima, ndipo munthu wake amazemba kumbuyo n'kukaima pakona ali yekha. Pakona pa bwalo la NBA mzere wa mapointi 3 uli pafupi, mamita 6.70 okha, ndipo aliyense woima pamenepo amadyera pomwepo. Kochi wa NBA amapirira wosewera watsopano wophonya. Wotaya munthu wake pakona kawiri motsatizana amamuitana pabenchi, ndipo akhoza kukhala pamenepo mpaka Khirisimasi.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu ambiri okonda masewerowa. Iwo akamafunsa ngati mwana wakhwima amawerenga mapointi. Koma mnyamata amene ku koleji mpira unali wake masewero onse, akafika mu NBA amapeza mpirawo uli ndi eni ake. Timu iliyonse ili ndi akatswiri awiri kapena atatu amene amalandira ndalama zambiri kuti aziugwira. Watsopano amapatsidwa mphindi zochepa mwa 48, ndipo m'mphindi zimenezo ntchito yake ndi kumaka, kuthamanga, kuima pamalo oyenera ndi kuponya akapatsiridwa. Ndiye ine ndikamayeza kukhwima ndimafunsa kuti: atamulanda mpira, chimene chitsale n'chiyani? Kwa mnyamatayu, lero, chotsala ndi kuponya kokha.

Lachitatu ndi Lachinayi kunali masewero a asanu kwa asanu. Anyamata omwe akudziwa kuti atengedwa koyambirira ambiri sasewera, ma ejenti awo amawaletsa kuopa kuvulala kapena kuchita manyazi. Wangayu anasewera, ndipo zimenezo ndinamulembera ngati ulemu wake. Tsiku loyamba linali loipa. Anamuika ndi mkulu wa zaka 23 amene wasewera zaka zonse za ku koleji, wachifuwa ngati chitseko. Mkulu uja anamukankhira kumanzere kuyambira mpira woyamba, ndipo zonse zomwe ndinaona pa vidiyo zinachitika pamaso pa aliyense. Tsiku lachiwiri anabwera wina. Anasiya kuumirira mpira, anapatsira mofulumira, anathira mapointi 3 kuchokera pakona, ndipo ulendo wina anadziponya pansi kulimbirana mpira mpaka chigongono chinasupuka. Mnzanga wa timu ina anandigunda paphewa n'kuloza. Ndinagwedeza mutu, koma ndinali nditaonanso kuti mphindi ziwiri zapitazo munthu wake anamuzemba kumbuyo monga mwa masiku onse.

Lachinayi lomwelo madzulo tinamuitana kuti ticheze naye m'chipinda cha hotela, ife asanu mbali imodzi ya tebulo, iye yekha mbali inayo, atavala suti yothina m'mapewa. Abwana anamuonetsa pa kompyuta vidiyo ya pakona ija n'kumufunsa kuti, "Tatiuza, apa unkaganiza chiyani?" Anyamata ambiri amaloza mnzawo kapena kochi. Iye anaonera kawiri, chete, kenako anati, "Bwana, sindinkaganiza kanthu. Ndinkadikira mpira ubwere kwa ine." Ndinalemba mawu amenewo momwe anawanenera. Nditamufunsa chimene chikumuthamangitsa kuti achoke ku koleji, anati mayi ake amagwira ntchito ya usiku chiyambire iye ali mwana, ndipo analonjeza kuti adzawapumitsa. Sanalire, sanakometse. Anangonena.

Lachisanu pamsonkhano panatentha. Ndinanena maganizo anga poyera: luso lilipo la raundi yoyamba, koma chaka chino sanakhwime, ndipo timu yomutenga idzamudikira zaka ziwiri asanathandize. Mkulu wina amene wagwira ntchitoyi ine ndisanabadwe anavomereza zonse, kenako anati, "Ndiye chifukwa chake timutenge tsopano. Akabwerera kusukulu n'kukonza dzanja limenelo, chaka chamawa sitidzamufika. Lero ndi wotchipa." Ankanena za raundi yachiwiri ndi kontrakiti ya two-way.

Kusiyana kwa maraundi awiriwa n'kwakukulu. Wotengedwa mu raundi yoyamba amalandira kontrakiti ya zaka 2 zotsimikizika, ndipo timu ikafuna imawonjezera zina 2. Wa raundi yachiwiri alibe chotsimikizika, zimatengera zomwe ejenti wake wakambirana. Two-way, yomwe inayamba mu 2017, imamuika pakati pa timu yaikulu ndi ya G League, ligi yaing'ono ya pansi pa NBA, malipiro ake ndi theka la malipiro otsikitsitsa a wosewera watsopano, ndipo timu ikhoza kumuchotsa tsiku lililonse. Kale mwana wosauka analibe pothawira, chifukwa ku koleji sankalandira kanthu. Kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera a m'makoleji amaloledwa kulipidwa pa dzina ndi nkhope zawo, zomwe amati NIL, ndipo chigamulo cha khoti cha mu Juni 2025 chinalola makoleji kulipira osewera mwachindunji. Mnyamata ngati uyu akabwerera sabwerera ku njala. Mayi ake akhoza kupuma iye ali kusukulu komweko.

Ndinatchula Zach Edey, amene anachotsa dzina lake mu 2023, n'kubwerera ku koleji ya Purdue, ndipo mu 2024 timu ya Memphis inamutenga pa nambala 9. Achikulire aja anandibweza nthawi yomweyo. Anati raundi yachiwiri si manda: Draymond Green anatengedwa pa 35 mu 2012, Nikola Jokić pa 41 mu 2014, Jalen Brunson pa 33 mu 2018. Ndinawayankha kuti Green anakhala zaka 4 ku koleji ya Michigan State, Brunson zaka 3 ku ya Villanova, ndipo Jokić anatsala chaka china ku Serbia akusewera ndi akuluakulu. Onsewo anafika akudziwa kale chochita popanda mpira. Iwo anati, "Nanga akabwerera n'kuthyoka bondo mu Disembala, mudzamulipira ndinu?" Pamenepo ndinalibe yankho, ndipo ndilibe mpaka lero. Ndawaonapo anyamata obwerera kusukulu n'kutsika mtengo, chifukwa chaka chachiwiri anthu sayang'ananso zomwe ungadzakhale, amayang'ana zomwe sunakonze.

Abwana anatseka nkhani. Dzina lake likhala pa bolodi lathu la raundi yachiwiri, koma lonjezo loti timutenga sitipereka.

Loweruka m'mawa, ndikudikira khofi pansi pa hotela, mayi wina wovala juzi ya koleji ija anandiyandikira. Anali ataona chitupa cha timu pakhosi panga. "Pepani bambo," anatero, "munali m'chipinda chija ndi mwana wanga. Ndiuzeni zoona, atsale kapena abwerere?" Maso awo anali ofiira ngati a munthu wozolowera kugona masana.

Zokambirana za m'chipinda chathu si zanga kuti ndizigawe, ndipo timu imene imandilipira ili ndi phindu pa yankho limenelo. Komanso kwathu tinakula tikumva kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndinawauza zomwe ndikanauza mlongo wanga. "Mayi, NBA ili ndi komiti yomwe imauza ana a ku koleji pomwe matimu akuwaona. Muone nokha zomwe yalemba, musamve za m'kamwa mwa munthu. Ejenti mumufunse mafunso awiri: ndi timu iti yalonjeza, ndipo pa nambala yanji. Akayamba kunena kuti matimu ambiri akumukonda, dziwani kuti lonjezo palibe. Kenako mufunse ku koleji kuti akabwerera amupatsa zingati, ndipo zilembedwe." Anatulutsa cholembera m'chikwama n'kulemba zonse kuseri kwa lisiti. Atamaliza anandifunsanso kuti, "Koma inuyo mukuona bwanji?" Ndinati mwana wawo ndi woona mtima, ndipo dzanja lake lamanzere likufuna chilimwe chathunthu. Anandiyang'ana kanthawi, anathokoza, n'kupita.

Lipoti ndinalimalizira Lamlungu pa bwalo la ndege la O'Hare. Pa kuponya ndinamupatsa malikisi apamwamba, pa kumaka otsika, pa khalidwe ndinakopera mawu ake aja a kudikira mpira. Mzere womaliza, umene abwana amayamba nawo kuwerenga, ndinalemba kuti sanakhwime chaka chino, kuti akatsala mu draft timutenge mu raundi yachiwiri pokhapokha ngati tili okonzeka kumusiya mu G League chaka chathunthu, ndipo kuti akabwerera ku koleji ndikupempha kuti ndipatsidwenso ineyo kumutsatira. Ndinatumiza ndege isanaitanidwe. Masiku 10 aja ayamba kuwerengedwa mawa, ndipo Lachiwiri tili ndi anyamata ena 6 obwera kudzayesedwa pa bwalo lathu, mavidiyo awo sindinayambe.