Jimnasitiki ya pamchenga: pomwe tafika mu Okutobala

Kutentha kwa Okutobala kwatisinthitsa nthawi. Mchenga wa pabwalo lathu ukumawotcha mapazi mpaka cha m'ma 4 koloko, ndiye tikumayamba dzuwa litapendeka, ana ena akuweruka ku madarasa, n'kulekeza kukayamba chisisira. Aliyense amabwera ndi botolo lake la madzi. Wopanda madzi sachita nawo, ngakhale alire.

Amene mukundiwerenga koyamba, ndimaphunzitsa kagulu ka ana a m'dera lathu kuno ku Mangochi masewera a jimnasitiki. Palibe chikho chimene tikulimbirana, n'zongosangalala basi.

Mwana wokulira m'mbali mwa Shire kapena kunyanja safunika kumuphunzitsa kulimba mtima. Ambiri mwa anyamata anga anabwera akudziwa kale kuthamanga, kuponda tayala lokwiriridwa theka mumchenga, n'kutembenuzika m'malere. Chimene sankadziwa ndi kutera. Ankagwa ndi zidendene, mawondo ali owongoka, ena n'kutsamira dzanja kumbuyo, komwe n'kufunafuna kuthyola mkono. Choncho ntchito yanga yaikulu yakhala yowabweza m'mbuyo, ndipo sikuti amandikonda nayo.

Kuteraku ndi kumene tadya nako nthawi yambiri. Mwana amakwera pa njerwa ziwiri, n'kudumphira pansi. Zala za kumapazi zifike kaye, zidendene zitsatire, mawondo apindike n'kuloza komwe zala zaloza, manja kutsogolo, kenako aime nji ine ndikuwerenga mpaka katatu. Akasuntha phazi, abwereze. Poyamba zinkamveka kuti phii! ngati thumba la chimanga lagwa pa ngolo. Pano atsikana ambiri akutera mwakachetechete, moti ndikatembenuka sindidziwa kuti munthu wadumpha. Anyamata akuluakulu akadali ndi phuma.

Kugubuduka chakutsogolo onse akutha tsopano. Lamulo ndi limodzi: chibwano pachifuwa, mutu usanyamule thupi, pansi pafike mapewa. Khosi silikhululuka, n'chifukwa chake kugubuduka chakumbuyo ndikuchedwa nako dala, ndipo timachitira pa masaka a utuchi amene tinasoka pamodzi, titawatsamiritsa kuti pakhale kotsetsereka. Utuchiwo anatipatsa kalipentala wina wa pafupi ndi msika. Umaphwa msanga, ndiye Loweruka lililonse timaupukusa n'kuwonjezera.

Kuima chadodolido tikuchitira pakhoma, mimba italoza kukhomako, mapazi akukwera pang'onopang'ono. Njira imeneyi imaletsa msana kupindika. Cartwheel, kuja kotembenuzika chammbali ngati gudumu, ndi imene yandisangalatsa mwezi uno. Ndimalemba mzere pamchenga ndi kamtengo, ndipo mchengawo ndi mboni yosanama, chifukwa mwana akamaliza timapita tonse kukaona zidindo: dzanja, dzanja, phazi, phazi. Kamtsikana kena ka sitandade 3, kamene kankathawira kumbuyo kwa anzake, kanaloza zidindo zake zinayi zili pa mzere ndendende n'kukuwa kuti, "A kochi, musafufute, amayi adzaone!" Tinazungulizapo miyala.

Thabwa loyendapo ndi nkhani ina. La pa mpikisano limakhala la masentimita 10 m'lifupi, mamita 5 m'litali, ndipo limakwera masentimita 125 kuchokera pansi. Lathu ndi thabwa la denga la mainchesi anayi, choncho m'lifupi tikufanana nawo akatswiriwo, koma lagona pa njerwa imodzi mbali iliyonse. Sindikufuna kulikweza chaka chino. Ana akuyenda chakutsogolo, chakumbuyo, ndi kutembenuka ndi zala. Atsikana ozolowera kusenza ndowa amayenda pamenepa mutu uli chilili osayang'ana pansi, pomwe anyamata amakupiza manja n'kugwa pakati.

Vuto langa lenileni ndi foni. Mnyamata wina wa zaka 12 anaonera kanema wa Simone Biles, katswiri wa jimnasitiki wa ku America, pa foni ya achimwene ake, ndiye tsiku lililonse nyimbo ndi imodzi: "A kochi, za chakumbuyo zija tiyamba liti?" Ndinamuuza kuti Biles anayamba ali ndi zaka 6, ndipo zimene waonazo zili ndi zaka zambirimbiri kumbuyo kwake, pa matiresi enieni. Ndinamuuzanso kuti pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, Biles yemweyo anasiya mipikisano ingapo chifukwa ankati akakhala m'malere sakudziwanso kuti pansi ndi kuti. Mnyamatayo anangoti, "Koma ine ndimadziwa." Ndamupatsa ntchito yoyang'anira kateredwe ka ana ang'onoang'ono, ndipo poti akufuna kuoneka mphunzitsi, iyenso wayamba kupinda mawondo.

Za zovala tinagwirizana ndi makolo kalekale. Atsikana amavala thalauza yothina mkati mwa siketi kapena diresi, malaya opisira, ndipo ovala hijabu amamanga popanda mapini, chifukwa pini ndi kugubuduka siziyenderana. Agogo ena anabwera kudzaona okha, anakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango mpaka kumapeto. Pochoka anati, "Aphunzitsi, mdzukulu wangayu musamuthyole msana." Ndinawalonjeza kuti mlatho, uja wopinda msana manja ndi mapazi zili pansi, timauchita pang'ono, titatenthetsa kaye mapewa ndi manja, ndipo ana osakwana zaka 5 sachita n'komwe. Sabata yotsatira anabweretsa mdzukulu wachiwiri.

Mvula ikayamba bwalo lathu limadikha madzi, ndiye ndikukambirana ndi akomiti a sukulu ina yapafupi kuti atibwereke kalasi madzulo. Pa simenti sitidzachita cartwheel kapena kudumpha kuchokera pamwamba. Tidzalimbikira za mphamvu: kukwawa ndi manja ndi mapazi, kugwira thupi chowongoka, kulendewera. Ndikusakanso paipi yachitsulo yolimba bwino yoti tizilendewerapo, ndipo wowotcherera wa kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi wati ndikamuone malipiro akatuluka.