Bwanji ndalama za boma zimathera panjira? Tsopano zalowa

Anzanga a kosi ya kayendetsedwe ka boma, mutu uja wa kukonza ntchito za boma walowa m'mutu tsopano, ndipo mtima wakhala pansi. Matanthauzo sindibwereza, nonse muli nawo m'makope. Chanditsegula maso ndi nkhani ya ku Uganda.

Pakati pa 1991 ndi 1995 boma la Uganda linkatumiza ndalama zoyendetsera sukulu za pulayimale, kuwerengera mwana aliyense. Atafufuza mu 1996 anapeza kuti pa ndalama 100 zilizonse, zofika pasukulu zinali ngati 13 basi. Zotsalazo zinkathera m'maofesi a m'maboma, moti sukulu zambiri sizinkalandira ngakhale kakobiri. Ndiye boma linatani? Linayamba kusindikiza m'nyuzipepala ndalama zimene latumiza ku boma lililonse mwezi ndi mwezi, n'kulamula sukulu kuti zizimata poyera zimene zalandira. Pofika 2001, zoposa 80 pa 100 zinkafika.

Mfundo yake ndi iyi: mphunzitsi wamkulu amene sakudziwa kuti amayenera kulandira zingati sangadandaule. Akamupatsa kochepa amalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Koma akawerenga m'nyuzi kuti zinatuluka zakutizakuti, iye ndi komiti ya makolo amakafunsa kuti zinazo zili kuti. Ndalama yake ndi yomweyo, anthu ake ndi omwewo, chasintha n'chakuti wakumapeto uja akudziwa gawo lake.

Kuyambira pamenepo ndikumajambula mivi. Pamwamba pa pepala Capital Hill, pansi pake khonsolo, kenako ofesi ya zoni, pomalizira sukulu kapena chipatala chaching'ono. Pa muvi uliwonse mafunso atatu: wagwira ndalama ndani, akudziwa ndani, angafunse ndani? Ndikukuuzani, njira imeneyi ikhoza kuyankha mafunso ambiri a mayeso. Ndinaiyesa pa imihigo ya ku Rwanda, pomwe kuyambira 2006 mameya amasaina pagulu malonjezo a ntchito pamaso pa mtsogoleri wa dziko, inagwira. Ku Porto Alegre ku Brazil, komwe mu 1989 anthu wamba anayamba kukhala nawo pogawa bajeti ya mzinda, inagwiranso. Ngakhale sukulu yaulere ya kuno ya 1994 imaoneka bwino pamivi: ana analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi ophunzitsidwa zinatsalira m'mbuyo, ana n'kumaphunzirira pansi pa mitengo.

Chondinyansa n'chakuti aphunzitsi athu zimenezi anangozidutsa. Timakumana Loweruka lokha, munthu wadzuka m'bandakucha ku Kamwendo, walipira minibasi, kukangomva bambo akuwerenga manotsi omwe anatitumizira kale pa WhatsApp. Za mphamvu ku anthu anangoti lamulo la maboma aang'ono linabwera mu 1998, basi tipitirire. Osatchula n'komwe kuti makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Zaka zonsezo wofunsa m'malo mwa anthu anali ndani? Ukakweza mkono akuti nthawi yatha. Kunyumba nako mtedza ukudikira kukumba, bandulo yatha, magetsi athima.

Pali pamene mivi yanga ikundisiya m'malere. Pasukulu ina kwathu kuno, pepala la ndalama za SIG, zija boma limapereka zotukulira sukulu, analimata ndithu pachitseko cha ofesi ya ahedi. Lili m'Chingerezi, dzuwa lalifufutsa, pangodya lang'ambika, ndipo makolo amalidutsa ngati kulibe. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma nalonso linayamba kugwira ntchito mu 2020. Ndiye chimagwira ntchito n'chiyani kwenikweni, pepalalo, kapena anthu oti akawerenga sachita mantha kufunsa? Ku Uganda komweko mu 1997 anayambitsa pulayimale yaulere, choncho zosintha zinali zingapo nthawi imodzi, si nyuzi zokha. Funso limeneli likabwera pamayeso, mwina ndidzangolemba mbali zonse ziwiri, kaya adzandichongera kaya ayi.