Tsiku lomwe agogo anandimva ndikupha mfumu

Ine ndi mnzanga wina amene tinkagona chipinda chimodzi ku Chanco sitinagwirizanepo za nkhondo ya mu gemu ya Skyrim. Kwa inu amene simuidziwa, gemuyi inatuluka mu 2011, ndipo muli dziko lozizira lomwe likulamulidwa ndi ufumu waukulu wa ku Cyrodiil. Ufumuwo utafooka pankhondo, unasaina pangano ndi adani ake, a Thalmor, loletsa anthu kupembedza mulungu wawo Talos, ndiye mfumu ya mzinda wa Windhelm, Ulfric Stormcloak, inaukira. Wosewera amasankha mbali. Mnzangayo anapita kwa oukira. Ine ndinalembetsa usilikali kwa General Tullius, kumbali ya ufumu.

Loweruka lina ndinapita ku Songani kukaonekera kwa amalume ake a chibwenzi changa. Jekete yobwereka, nsapato zopolishidwa, mawu onse ndaloweza mu minibasi. Tangopatsana moni pakhonde, fungo la nkhuku likuchokera kukhitchini, foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Ndinapempha kuti ndipite kuseri, ndipo ndinakaima pafupi ndi mpanda waudzu womwe sindinaulabadire.

"Aise, iwe ndiwe mtsamunda basi," anayamba choncho mnzangayo, moni osapereka. "Umadutsa tsiku ndi tsiku pa nyumba zomwe anasiya atsamunda m'tauni ya Zomba, koma ukumenyera nkhondo ufumu?"

Ndinamuuza kuti ufumu umabweretsa misewu, malamulo ndi mtendere, ndipo ukagawanika a Thalmor adzameza aliyense. Nanga Ulfric wakeyo ndi mngelo? Taona anthu a mitundu ina: a Dark Elf ku Windhelm anaunjikidwa kudera lotchedwa Gray Quarter, a Argonian amagona kudoko kunja kwa mpanda, ndipo a Forsworn ndi iyeyo anawapirikitsa ku Markarth, dziko la makolo awo. Apa mawu anga anali atakwera kale.

"Mvetsera," ndinatero. "Mfumu yakoyo ndaipha usiku wathawu ndi lupanga langa, malo ndalanda, ndipo mtima wanga uli mbee. Nditamaliza ndinabwerera kunyumba kwanga, mkazi wanga Ysolda anandiphikira, ana awiri aja ndawagulira zovala."

Kuseri kwa udzu kuja kunamveka chitini chikugwera m'beseni. Linali bafa. Munali agogo.

Pofika pakhonde ndinapeza mipando yasintha. Wanga anali atauika pakati, poyang'anizana ndi onse. Agogo, chitenje chili pachifuwa, sopo akadali kukhutu, anapereka lipoti lawo mosaphonya liwu: mlendoyu wapha mfumu, walanda malo, ali ndi mkazi wa dzina lachizungu ndi ana awiri. Chibwenzi changa chinangoyang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Ndinkaganiza kuti chikulira. Chinkaseka, ndipo sichinandithandize n'kamodzi komwe.

Ndinatulutsa foni n'kuonetsa zithunzi za gemuyo. Agogo anamuyang'anitsitsa Ysolda n'kunena kuti ndi wowonda, sindikumudyetsa. Amalume, amene ndi mphunzitsi wopuma ntchito, anamvetsa msanga kuti ndi masewera a pakompyuta, ndipo ndinapumira m'mwamba.

"Za mkaziyo zatha, ndi zidole," anatero akupukuta magalasi. "Koma bambo, mwati munasankha mbali iti?"

Apa ndi pomwe mlandu weniweni unayambira. Ndinabwereza za misewu ndi mtendere zija, koma ndi mawu otsika. Iwo anagwedeza mutu modekha n'kunena kuti Harry Johnston atakhazikitsa boma lake pa Zomba pano mu 1891, nayenso ankalankhula za mtendere ndi kuthetsa ukapolo, ndipo misewu inamangidwadi. Koma ndani ankanyamula miyala? Anandiwerengera msonkho wa nyumba, thangata wa m'minda ya azungu ku Magomero, mpaka John Chilembwe kuukira mu 1915. Anandifunsa ngati ndinaimapo pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles pafupi ndi Cobbe Barracks, n'kuganizira kuti anyamata amenewo anafera ufumu wa yani.

Ndinayesa kuthawira kwa a Forsworn. Ndinati vuto la gemuyi n'lakuti womenyera ufuluyo nayenso anapondereza ena, ndiye palibe woyera. Mpaka lero ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi yolimba, ndipo amalume anavomera kuti ili ndi nzeru. Kenako anafunsa kwathu.

"Ku Ntcheu, amalume."

"Mngoni!" anakuwa agogo. "N'chifukwa chake."

Anati makolo awo ankathawira kumapiri chifukwa cha nkhondo za Angoni, ndiye zolanda malozi ndi zakumtundu. Ndinayankha kuti nafenso tinalira, atsamunda anatiphera Inkosi Gomani mu 1896. Amalume anangoti, "Ndiye mwakhala pansi, mwaganiza bwinobwino, n'kukalembetsa usilikali kwa anthu opha mafumu a eni?" Ndinafuna kukumbutsa bwalo kuti mafumu ena a Chiyao, mtundu wa apabanjapo, nawonso ankagwira anthu n'kuwagulitsa, koma nkhuku inali isanapakulidwe, ndipo njala inandilangiza kutseka pakamwa.

Amene anandipulumutsa ndi kamnyamata ka Fomu 2 ka pakhomopo, komwe kanali phee pakona nthawi yonseyi. Kanati mu gemu imeneyo ukapha nkhuku ya munthu m'mudzi wa Riverwood, mudzi wonse umakuthamangitsa ndi nkhwangwa. Agogo anaomba m'manja n'kunena kuti dziko limenelo ndiye lili ndi malamulo, kuno akuba nkhuku akungoyenda. Chigamulo chinatulukira pomwepo: chifukwa chowaopseza agogo ali m'bafa, ndidzabweretse tambala wamoyo, osati wa pafoni.

Tinadya. Amalume anandiuza kuti ulendo wina ndidzabwere ndi kompyutayo, akufuna akaone okha ngati Ulfric ndi Chilembwe kapena ndi wandale chabe. Pondiperekeza kumsewu, agogo anandikokera pambali n'kutsitsa mawu.

"Zoti ndi masewera ndamva, mwana wanga. Koma inu muli kuno tsiku lonse. Ana awiri aja adya chiyani lero?"